Liu Loti "Nsapato": Mbiri Yake Kuchokera ku Zambezi Mpaka ku Mapulazi a ku Tengwe

Cholinga cha pepala lino ndi kulondola mbiri ya liu limodzi la Chicheŵa, liu loti "nsapato", ndi kuona chimene mbiriyo ingatiuze za anthu olankhula Chicheŵa amene adakhazikika m'mapulazi a fodya a ku Tengwe, m'boma la Hurungwe, chigawo cha Mashonaland West ku Zimbabwe. Zakuti liuli lidachokera ku liu la Chipwitikizi loti "sapato" palibe amene amatsutsa, ndipo sititayapo nthaŵi. Mafunso athu ndi ena: lidaloŵa liti, lidadzera njira iti, ndipo nchifukwa ninji lidalimba m'makomboni pamene mau anzake ambiri adagonja kwa Chishona ndi Chilapalapa?

Tiyambe ndi chitsanzo cha kutali, pakuti chitithandiza kuchotsa ganizo lina lolakwika. Anthu a ku Iceland nsapato amaitcha "skór". Liuli adafika nalo pa chilumba chaocho kuchokera ku Norway cha m'ma 870, ndipo alisunga mpaka lero osalisintha kalembedwe. Abale ake ndi "shoe" wa Chingerezi, "Schuh" wa Chijeremani, "schoen" wa Chidatchi ndi "skoen" wa Chibunu, ndiponso "skohs" wa Chigothiki, amene akupezeka m'Baibulo lomwe Wulfila adamasulira m'zaka za m'ma 300. Akatswiri amabwezeretsa kholo la mau onseŵa ngati *skōhaz, ndipo ambiri amaliganizira kuti lidaphuka pa muzu wotanthauza "kuphimba", ngakhale mfundo yotsirizayi siidagwirizanidwe ndi onse. Chimene liulo linkatchula ku Iceland sichidali chodabwitsa ai: chidali chikopa cha nkhosa, kapena khungu la nsomba, chosokedwa mozungulira phazi. Chinkatha msanga, kotero kuti kumadzulo kwa chilumbacho anthu ankayesa kutalika kwa njira za m'mapiri poŵerenga nsapato zimene munthu angathere asanafike.

Tsono munthu akaika mau aŵiriŵa pamodzi, lina la makolo, lina lobwereka, amafulumira kunena kuti Acheŵa sadali ndi chovala cha ku phazi Apwitikizi asanabwere. Ganizoli silingaime. Chicheŵa chili ndi liu lakelake, "nkhwaira", lotchula chikopa chodulidwa molinga phazi ndi kumangidwa ndi zingwe, chovala cha alenje ndi apaulendo poopa minga ndi mchenga wotentha. Kunena zoona, nkhwaira ndiyo ikufanana kwambiri ndi "skór" wakale uja kuposa nsapato ya m'sitolo. Zilankhulo zina za Chibantu zili ndi tsinde lakale limene limabwezeretsedwa ngati *-latu: Chiswahili "kiatu", Chikikuyu "kĩratũ", Chiganda "engatto", ndipo m'Malaŵi momwemo Angonde a ku Karonga amati "ifilato". Likadatsala m'Chicheŵa tikadamva "chilatu" kapena "chilato", koma silidatsale. Choncho chimene adabwereka makolo athu si nzeru yoteteza phazi, koma dzina la mtundu watsopano wa chovala: chotsekeka, chosokedwa, chokhala ndi chidendene, ndiponso chovalidwa ndi anthu a ulemerero wina.

Liu la "sapato" lenilenilo nalonso ndi mlendo kwao. Lili pa ubale ndi "zapato" wa Chisipanishi, "savate" wa Chifalansa, "ciabatta" wa Chitaliyana ndi "sabbat" wa Chiarabu cha kumpoto kwa Afrika, koma za gwero lake akatswiri amagaŵikana, ena kuloza ku Chiarabu, ena ku Chiperesiya kapena ku zilankhulo za Chituruki. Zombo za Apwitikizi zidalifalitsa kutali: ku Indonesia amati "sepatu", ku Sri Lanka "sapattu", m'Chilingala "sapato", m'Chikongo "nsampatu".

Apa tafika pa mfundo imene tikufuna kuimapo nthaŵi, ndiyo "n" wa kumayambiriro. M'Chipwitikizi mulibe. Adachokera kuti? Yankho lapafupi ndi lakuti liuli lidaloŵa m'gulu la maina la I-Zi, gulu la 9 ndi 10 m'kaŵerengedwe ka Bleek ndi Meinhof, limene mphatikiram'mbuyo wake ndi liu lotulukira m'mphuno, monga mu "nsomba", "nsalu", "nsima". Yankholi ndi loona koma silikwanira, chifukwa mau obwereka ku Chingerezi oyamba ndi "s" nawonso ambiri adaloŵa m'gulu lomweli, komabe sadalandire "n". Timati "sukulu yathu", "sitolo yaikulu", "suti yakuda", "supuni yanga". Palibe amene amati "nsukulu" kapena "nsuti". Pamene mau a Chipwitikizi aja akuonetsa khalidwe lina: "batata" adasanduka "mbatata", "bandeira" adasanduka "mbendera" (kaya mwachindunji, kaya kudzera ku "bendera" wa Chiswahili), ndipo "njuga" akuoneka kuti ndi mwana wa "jogar", kutanthauza kuseŵera. Tikuona choncho kuti padali nyengo imene chilankhulo chinkaveka mphatikiram'mbuyo ameneyu pa dzina lililonse lachilendo loloŵa m'gululi, ndipo pofika nthaŵi ya Angerezi mwambowo udali utazilala.

Sitibisa kuti pali mau ena a Chipwitikizi opanda "n". Ambiri mwa iwo ngosavuta kuwafotokoza, popeza phatikizo lao loyamba lidawatsogolera ku gulu lina. "Chapéu" adamveka ngati dzina la gulu la Chi-Zi, nkukhala "chipewa, zipewa". "Máquina" adamveka ngati unyinji wa gulu la Li-Ma, nkukhala "makina". "Capitão" ndi munthu, tsono adapita ku gulu la anthu: "kapitao, akapitao". Lotivuta ndi "kalata", lochokera ku "carta": lili m'gulu la I (kalata yanga), ndipo mwa lamulo lathu lidayenera kumveka "nkhalata". Chibemba chili nayedi "inkalata". Ife tikuganiza kuti m'Chicheŵa liuli lidafala mochedwa, pamodzi ndi sukulu ndi mtengatenga wa boma, ngakhale lidali lodziŵika kale m'mbali mwa Zambezi. Chinthu chimene anthu saŵerenga sachitchula kaŵirikaŵiri.

Ngati mfundoyi yaima, malire a nthaŵi akuoneka. Apwitikizi adakhazikika ku Sena ndi ku Tete m'zaka za m'ma 1530. Chingerezi chidayamba kumveka m'chigwa cha Shire ndi ulendo wa Livingstone wa 1859 ndi mishoni ya ku Magomero ya 1861, nkudzakhazikika ndi mishoni za Livingstonia mu 1875 ndi Blantyre mu 1876. Pakati pa malire aŵiriŵa pali zaka zoposa 300. Kukumana kwa Amaravi ndi Apwitikizi kudayamba msanga: mu 1616 Gaspar Bocarro adadutsa m'dziko lao pa ulendo wake wochokera ku Tete kupita ku Kilwa, ndipo adacheza ndi mfumu Muzura. Koma liu sililoŵa m'chilankhulo chifukwa cha mlendo mmodzi wogona usiku umodzi ku bwalo la mfumu. Limafuna anthu okhalira pamodzi. Nchifukwa chake ife tikutsamira ku zaka za m'ma 1700, pamene msika wa ku Zumbo udatsegulidwa cha m'ma 1720, ndipo eni maprazo a ku Tete adayamba kukumba golide m'dziko la Undi ndi magulu a antchito ndi akapolo ao. Amene ankayenda pakati pa mzungu ndi mudzi adali Achikunda ndi amalonda otumidwa, ndipo chilankhulo chao chidali cha m'chigwa, cha mtundu wa Chinyungwe ndi Chisena, zimene Guthrie adaziika m'chigawo chimodzi cha N pamodzi ndi Chicheŵa. Nkutheka kwambiri kuti Mcheŵa woyamba kutchula liuli sadalimve kwa Mpwitikizi konse, koma kwa Mchikunda amene adali ataliveka kale "n" wake. Mmene Lacerda ankadutsa mu 1798, ndi Monteiro ndi Gamitto mu 1831 ndi 1832, pa maulendo ao opita kwa Kazembe, njira ya malonda imene idafikitsa "nsapato" ndi "inkalata" kwa Abemba idali yopondedwa kale.

Zilankhulo zoyandikana nafe sizitsutsa zimenezi. Chiyao chimati "sapato", koma Chiyao chimataya "n" patsogolo pa "s" ngakhale m'mau ake enieni, monga "somba" m'malo mwa "nsomba". Chitumbuka chili ndi "skapato", liu lofunika pepala lakelake. "Sk" ameneyu angakhale adadza chifukwa Atumbuka adazoloŵera kuti pamene Acheŵa ali ndi "ts" iwo ali ndi "sk" (-itsa, -iska); angakhalenso adadza posakanizika ndi "isicathulo" wa Chingoni. Ife tikukondera kufotokoza kwachiŵiriku, poona mmene Angoni a M'mbelwa adakhalira pakati pa Atumbuka.

Kutchula Angoni kukutifikitsa pa chinthu chimene tidachipeza mosayembekeza. Liu la Chishona la nsapato ndi "shangu". M'Chixhosa nsapato ndi "isihlangu", koma m'Chizulu "isihlangu" yemweyo ndi chikopa chachikulu cha nkhondo. Kuti "hl" wa Chinguni ndi "sh" wa Chishona ndi amodzi tikuona mu "-hlanu" ndi "-shanu", kapena "-hlamba" ndi "-shamba", pamene Chicheŵa chili ndi "s": "-sanu", "-samba". Tsono "chishango" wathu uja, ndi "sh" wake wosoŵa m'mau a makolo, ndi liu lobwereka kwa Angoni, amene gulu lao la Zwangendaba lidaoloka Zambezi pafupi ndi Zumbo mu Novembala 1835. Kotero Mcheŵa wofika ku Mashonaland nkumva "shangu" ankamva tsinde limene adali nalo kale, koma m'tanthauzo lina: kwa iye chikopa choteteza chifuwa, kwa mnzakeyo chikopa choteteza phazi. Apa ndi pamene muzu wa "kuphimba" wa akatswiri a Chijeremani aja ukupeza mboni ya kutali. Sitikunena kuti mauŵa ndi apachibale. Tikungoti njira ya tanthauzo imene iwo amaiganizira idayendedwadi kwina.

Tsopano titembenukire ku Tengwe. Anthu a ku Nyasaland adayamba kupita ku Southern Rhodesia, kumene ankakutcha ku Halale, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, msonkho wa nyumba ndi thangata zitawapanikiza. Ena ankalembedwa ndi bungwe la Rhodesia Native Labour Bureau, lokhazikitsidwa mu 1903, limene antchito adalitcha Chibalo, ndipo pambuyo pake ndi Rhodesia Native Labour Supply Commission ya 1946, yodziŵika kwathu ndi dzina loti Mthandizi. Koma ochuluka ankapita paselefu, ndiye kuti paokha, wapansi. A ku Dedza ndi ku Ntcheu ankadzera ku Tete nkuloŵera ku Mutoko. A ku Kasungu, ku Mchinji ndi ku Fort Jameson, kumene lero ndi ku Chipata, ankatsikira ku Feira, moyang'anana ndi Zumbo, nkuoloka pamenepo. Ulendo unkatenga masabata, ndipo galimoto zaulere za boma la Rhodesia, zotchedwa Ulere, zidadzayamba m'zaka za m'ma 1930. Ambiri adayenda ulendowo chosavala kanthu ku phazi, kapena ndi nkhwaira. Tizindikire kuti njira ziŵiri zonsezi ndi zomwe zija liu lathu lidadzera pokwera kumtunda zaka zambiri m'mbuyomo.

Mapulazi a ku Karoi ndi ku Tengwe adatsegulidwa mochedwa, nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse itatha, pamene boma la atsamunda lidagaŵira malowo alimi achizungu, nkukankhira eni dziko, Akorekore, ku malo osungidwira anthu akuda. Mbeu yake idali fodya wowamba m'mabalani, wofuna manja ambiri, ndipo manjawo kwakukulu adachokera ku Nyasaland, ku Northern Rhodesia ndi ku Mozambique. Moyo wa m'mapulazi a ku Hurungwe adaulongosola bwino Blair Rutherford m'buku lake la mu 2001, atafufuza kumeneko kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990, ndipo sitibwereza. Chotikhudza ife ndi chakuti pa pulazi limodzi pankamveka maina anai kapena asanu a chinthu chimodzi. Mwini pulazi ankati "shoe", kapena "skoen" ngati adali Mbunu, ndipo iye mwini ankakonda "velskoen", ndiye kuti nsapato ya chikopa, mdzukulu weniweni wa *skōhaz uja. Polamula ankagwiritsa Chilapalapa, m'mene muli "skatul", wochokera ku "isicathulo" wa Chizulu ndi Chindebele atataya kulira kwa lilime kwa "c". Akorekore ankati "shangu" kapena "bhutsu", lochokera ku "boots". Likadakhazikika m'Chishona cha onse liu la Chipwitikizi lija, likadamveka "tsapato", monga "nsinga" ali "tsinga" ndi "nsikidzi" ali "tsikidzi". Koma amene adatenga malo ndi aŵiri aja. Choncho munthu wonena "nsapato" ku Tengwe ankadziulula pomwepo kuti ndi wa kumpoto kwa Zambezi.

Pocheza ndi okalamba amene adatsalira kumeneko, tidaona kuti Chicheŵa chao chadzala ndi mau a pa ntchito amene sadabwere nawo: "pulazi", "komboni", "folomani". Taonani makamaka lotsirizali. Ku minda ya tiyi ya ku Thyolo ndi ku Mulanje woyang'anira antchito ndi kapitao. "Kapitao" ndi "nsapato" ndi mau a gwero limodzi ndi msinkhu umodzi, ndipo adaoloka Zambezi m'kamwa mwa anthu omwewo. Koma "kapitao" adafa atangofika, "nsapato" nakhalabe. Kusiyanaku sikungafotokozedwe ndi malamulo a katchulidwe. Kukufotokozedwa ndi malo amene liu lililonse linkakhala m'moyo wa munthu.

Kapitao adali wa pa ntchito, ndipo dzina la udindo amapereka ndi wolemba ntchito. Nsapato sidali ya pa ntchito. Kumunda munthu ankapita chosavala, kapena ndi nkhwaira za matayala a galimoto, zimene Ashona amati "manyatera"; wokhala ndi mwai ankalandira jombo. (Ena amati "jombo" adachokera ku "gumboot", koma ife tikukaika, chifukwa "g" wa Chingerezi sasanduka "j" m'mau ena obwereka, monga "galasi", "geti", "gitala".) Nsapato yeniyeni inkagulidwa ndi ndalama za matikiti angapo, tikiti iliyonse masiku 30 ogwira ntchito, nkusungidwa m'bokosi. Fakitale ya Bata, imene idatsegulidwa ku Gwelo, lero Gweru, mu 1939, idaitsitsa mtengo koma sidaichotse ulemu. Inkatuluka Lamulungu, pa ukwati, ndi pa tsiku lobwerera kumudzi. Amene adakula m'midzi ya ku Malaŵi akudziŵa kuti wobwera ku Halale ankazindikirika ndi bokosi, bulangete, chipewa ndi nsapato, ndipo wobwera wopanda izi ankafika usiku. Ulemu umenewu udali ndi mbali yake yoŵaŵa. Komiti yofufuza za kuukira kwa John Chilembwe mu 1915 idamva madandaulo a anthu akuda ophunzira okakamizidwa kuvula chipewa pokumana ndi mzungu aliyense pa njira. Zovala za kumutu ndi za kuphazi, zonse ziŵiri za maina a Chipwitikizi, ndizo zinkasonyeza poyera kuti munthu akudziyesa wolingana ndi wina.

Chinthu chachiŵiri chimene chidasunga liuli ndi mpingo. Buku Lopatulika, lomalizidwa mu 1922 motsogozedwa ndi William Murray, lidagwiritsa "nsapato" ngakhale pamene Chihebri ndi Chigriki zikunena chovala chongomanga ndi zingwe, monga pa nkhani ya Mose pa chitsamba choyaka ndi pa ulaliki wa Yohane Mbatizi. Kwa ife "nkhwaira" akadalondola kwambiri, ndipo kusankha kwa omasulirawo kudathandiza kukankhira liu la makololi kumbali. Koma kudachititsanso kuti m'mipingo ya Amalaŵi ku Rhodesia, imene idayamba ndi kufika kwa mbusa T.C.B. Vlok ku Salisbury mu 1912 nkudzakhala sinodi ya CCAP mu 1965, mwana wobadwira pa pulazi azimva "nsapato" poŵerenga ndi pa kalasi, ngakhale kunja akuseŵera m'Chishona.

Zinthu zidasintha kuyambira mu 2000, pamene mapulazi a azungu adalandidwa ndi kugaŵidwa. Antchito ambiri adataya ntchito ndi nyumba zomwe, ndipo kusintha kwa lamulo la unzika kwa mu 2001 kudasiya ana ndi adzukulu ambiri a machona opanda dziko, pofunidwa kuti akane unzika wa maiko amene sadawaonepo. Malamulo aakulu a dziko a mu 2013 adabwezera unzika obadwira m'Zimbabwe kwa makolo ochokera m'maiko a SADC, ndiponso adatchula Chicheŵa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka. Koma m'zaka za pakatizo kulankhula Chicheŵa poyera kudali kudziika pa mbalambanda, ndipo liu ngati "nsapato" lidali limodzi mwa mau oyamba amene kholo lanzeru linkaletsa mwana kutchula pa mzere wolandirira chimanga.

Pamenepa wolemba mbiri ya mau ali ndi kanthu kakang'ono konena. Mtsinje wa Angwa, umene ukuyenda chakum'maŵa kwa Hurungwe, udali ndi msika wa Apwitikizi m'zaka za m'ma 1600, ndipo malinga ake adothi adaŵerengedwa pakati pa amene Peter Garlake adawafufuza m'zaka za m'ma 1960. Misika ya pa chitunda cha Mashonaland idatha Changamire Dombo ataononga Dambarare mu 1693, ndipo nchifukwa chake malonda adasamukira ku Zumbo ndi kumpoto kwa mtsinje. Kunena kwina, "sapato" adamveka pafupi ndi Tengwe mwina asanamveke ku Kasungu, ndipo Zumbo ali pafupi ndi Tengwe kuposa mmene aliri ndi Lilongwe. Nkhondo ya 1693 ndiyo ina mwa zifukwa zimene liuli lidazika mizu kutsidya kuno kwa Zambezi koposa kutsidya uko.

Achinyamata obadwira ku Tengwe amene tidawamva amati "bhutsu" polankhula Chishona, ndipo ena amalitengera m'Chicheŵa chao ngati "butsu". Koma polankhula ndi agogo ao liu lakale limabwerera, kaŵirikaŵiri ndi mgwirizanitsi wa Chishona: "nsapato dzangu" m'malo mwa "nsapato zanga". Dzinalo silidasinthe, "ns" wake sadasanduke "ts". Chasintha ndi mgwirizanitsi ndi tsinde la umwini. Ngati khalidweli likupezekanso m'maina ena a gulu la I-Zi, ndiye kuti m'makomboni aŵa agwirizanitsi akugwa msanga kuposa maina, ndipo zimenezo ziyenera kuyesedwa ku Trojan, ku Shamva ndi ku Mhangura, kumene Amalaŵi adakhala m'migodi osati m'mapulazi.